Khomo Lopanda Chitseko ku Bembeke

Chitseko chinakana kulowa m'minibasi. Tinayesa chogoneka, tinayesa chopendeketsa. Kondakitala anapinda mpando wakumbuyo, koma theka linatsalabe panja. Oitanira anati tichikweze padenga. Titangochigoneka, denga linalira n'kupindikira m'kati. Dalaivala anatsika, anayang'ana denga lake, kenako anayang'ana ine.

"Madala, tsitsani. Ichi n'cha kundende, si cha nyumba ya munthu."

Okwera anaseka. Tinatsitsa. Minibasi inapita, ine n'kutsala pa Nsaru ndi chitseko changa, m'mawa wa Lachiwiri.

Chinali cha amayi. Ine ndili kuchikamwini, kufupi ndi Nambuma. Ndimalima fodya ndi chimanga. Kwathu kwenikweni ndi kumapiri a Dedza, kumtunda kwa Bembeke. Amayi ali komweko. Ndi okalamba, amagona okha m'nyumba yawo ya zidina. Pabwalo lomwelo pali nyumba ya mlongo wanga Esinati ndi mwamuna wake, alamu anga a Fanuwelo.

Amene sanagoneko kwathu mu Juni sakudziwa kuzizira. Nkhungu imalowa m'mudzi masanasana. Chiperoni chimanyowetsa chilichonse, ndi bulangete lomwe. Mphepo siipuma. Chitseko cha matabwa sichikhalitsa kumeneko. Chimatupa ndi chinyezi, chikauma chimang'ambika. Cha amayi chinali ndi mipata yolowa dzanja. Chaka chatha anatsokomola nyengo yonse yozizira. Nditagulitsa mabelo oyamba a fodya ndinati chaka chino agone mofunda.

Pa Nsaru pali wowotcherera amene amandikonzera ngolo. Anandionetsa zitseko zopanga kale, zotsamira khoma. Ndinagogoda chimodzi, chinalira ngati chitini. Ndinakana. Ndinamuuza za kwathu. Iye anati chitsulo chopyapyala kumalo ozizira chimachita thukuta m'kati, madzi amatsetserekera pansi, dzimbiri imayambira pomwepo. Tinagwirizana kuti aike zitsulo ziwiri zokhuthala, kunja ndi m'kati, pakati pake alowetse siponji ya matiresi kuti chisanu chisadutse. Mahinjesi atatu. Penti wofiira woteteza dzimbiri apake kawiri, wobiriwira abwere pamwamba. Pansi akhomere mphira wa tayala wotseka mphepo. Galasi ndinakana. Anandichenjeza kuti chilemera. Ndinati ndikufuna cholemeracho.

Chitseko cha chitsulo chimabwera ndi felemu yake yowotcherera pamodzi. Sungachikolowetse pa mphuthu yakale. Pamafunika kugumula m'mbali mwa khomo kuti mano a felemu alowe m'khoma, kenako simenti. Womanga wa kwathu anati ali ndi tsiku limodzi lokha, likadutsa akupita ku ganyu ya sukulu kutali. Ndiye Lolemba, Esinati ataimba, ndinauza alamu pafoni kuti m'mawa mwake azule chakale, akulitse khomo pa muyezo umene ndinawapatsa. Ndinati ndifika dzuwa lisanalowe, womanga angoika.

Kwathu foni imagwira pamalo amodzi, pamwamba pa thanthwe kuseri kwa tchalitchi. Esinati amakwera pamenepo akafuna kuimba. Ine sindingamuimbire. Ndimangodikira. Anaimba fumbi la minibasi lisanathe.

"Achimwene, tazula. Mphuthu inali yowola, yangothothoka m'manja. Matabwa nawo amwazika. Muli pati?"

"M'njira."

Ndinati ndikachedwa amayi akagone kwawoko. Anati ndikuwadziwa amayi, nyumba ya mkamwini salowa. N'zoona. Chikwatiwireni Esinati, amayi sanadyepo mbale imodzi ndi a Fanuwelo, sanagwiranepo nawo chanza. Akaonana panjira, mmodzi amapatukira m'udzu. Akafuna kuwauza kanthu amayankhula atayang'ana kumbali. Sadana. Ndi ulemu wakale, ndipo amayi amausunga kuposa aliyense m'mudzimo.

Ndinakokera chitseko pamthunzi n'kuyamba kuimitsa magalimoto. Malole anali ambiri, koma onse a fodya, opita ku okushoni. Onse anakana. Makona a chitsulo amang'amba ziguduli, ndipo fungo la penti likalowa m'belo fodya amabwezedwa. Inenso ndine mlimi wa fodya. Sindinawakakamize. Galimoto yaing'ono ina inaima, mwini wake anayesa kunyamula kona imodzi, anapukusa mutu, anapita. Wakabaza wa njinga yamoto anazungulira chitseko n'kufunsa ngati chili ndi matayala.

Dzuwa litafika pamutu ndinapita kwa a Saidi, mwini sitolo amene amagulanso mtedza. Ndinadikira abwere kuchokera kumzikiti. Atabwera anamva nkhani yanga ali chiimire. Anati lole yawo ikupita ku Lilongwe, koma idzera ku Namitete kukadzazitsa matumba. Ndi njira yozungulira. Ina panalibe. Pa mtengo sitinalimbane. Anaitana dalaivala wawo Layisoni, munthu wonenepa wokonda kuseka, ndipo tinakweza chitseko amuna anayi. Tinachigoneka pamwamba pa matumba, tinamanga ndi mphira.

Kumbuyoko ndinakwera ndi mayi wina wa dengu la nkhuku. Anati ndi Nankhoma, akukagulitsa m'tauni. Msewu wafumbi unali wamabampu, lole imayenda ngati ng'ombe yotopa. Mayiyo pakamwa sipanatseke. Anafunsa ngati ndikutsegula golosale. Ndinati n'cha amayi anga, kumapiri. Anati kumapiri chitsulo chimaitana mphenzi. Ndinati denga lawo ndi lamalata ndipo mphenzi sinawapezepo. Anati ana aamuna ndi otero, amagulira makolo zinthu zooneka ndi maso a anthu, pomwe nkhalamba imangofuna shuga ndi bulangete. 

"Nanga chakale mukachitani? Matabwa musakataye, amathandiza."

"Chazulidwa kale."

"Liti?"

"Lero m'mawa."

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu. 

Pa Namitete tinapeza matumba amene tinadzera asanasokedwe. Mtedza unali palona, azimayi akusankha wowola. Sikelo inali imodzi. Wina amayeza, wina amatsutsa, thumba limatsitsidwa n'kuyezedwanso. Ndinafunsa Layisoni kuti tinyamuka nthawi yanji. Anati pompano. Anapita kukadya tchipisi. Atabwera ndinafunsanso, anati pompano. Ndinavula jekete n'kuyamba kusoka nawo matumba kuti ntchito ifulumire. Ndinanyamula nawo. Palibe anandiuza, palibenso anandiletsa. Thumba lomaliza linakwera dzuwa lili lofiira. Apo Layisoni anati nyali imodzi ya lole ndi yakufa, sangalowe pamsewu wa Mchinji ndi diso limodzi. Tigona.

Esinati anaimba nthawi yomweyo. Mphepo imamveka m'foni kuposa mawu ake. Anati apachika mphasa pakhomo, aikapo matumba a feteleza, alamu atchinjiriza ndi mitengo. Khomo ndi lalikulu tsopano, chitseko chilichonse cha m'mudzimo n'chaching'ono. A Fanuwelo anadzipereka kukagona kwa mnzawo kuti nyumba itsale ya amayi ndi mwana wawo. Amayi anakana. Kwa achibale ena anakananso. Anati m'nyumba mwawo muli chimanga ndi nkhuku, nyumba yopanda chitseko siisiyidwa yokha. Ndinati awabweretse pafoni. Panapita nthawi. Thanthwe lija ndi lovuta kwa munthu wamkulu.

"Amayi, kagoneni kwa Esinati. Lero lokha."

"Ndikagone pamphasa ya mkamwini? Anthu akamve kuti chiyani?"

"A Fanuwelo akagona kwina."

"Nyumba ndi yawobe. Ndakalamba ndi ulemu wanga, sindiutaya chifukwa cha mphepo. Iwe bwera nacho chitsulo chakocho."

Anatsokomola. Foni inaduka.

Ndinagona pamatumba, pansi pa lona. Namitete ndi kuchidikha, koma kunazizira mpaka m'mafupa. Kutacha ndinapeza chitseko chili chonyowa ndi mame. Ndinachipukuta ndi chipewa.

Lachitatu linayamba ndi dizilo. Pamalo omwetsera mafuta panali mzere wa malole, koma pampu inali youma. Ena anati thanki ikubwera, ena anati yadutsa. Layisoni anazimiririka, anabwera ndi anthu awiri atanyamula zigubu. Anathira kudzera m'botolo lodula. Nankhoma ananunkhiza n'kunena kuti mafuta amenewo akununkha ngati a nyali. Layisoni anati mayi asamale nkhuku, galimoto aisiyire eni ake.

Tinanyamuka. Phula linali labwino, mtima unayamba kutsika. Tinadutsa Msundwe. Ndinawerengera mumtima kuti masana ndikhala ndili ku Lilongwe, madzulo kwathu. Tisanafike pa Mpingu lole inayamba kutsokomola. Inagwedezeka, inatulutsa utsi woyera, inayendanso pang'ono. Inakazimira pafupi ndi masitolo, matayala awiri ali paphula, awiri m'fumbi.

Makaniko anabwera pakabaza. Anatsegula, analawa dizilo ndi chala, analavula. Anati muli madzi. Thanki yonse ikhuthulidwe, ndipo fyuluta yafa, ina akaitenge m'tauni. Anakwera minibasi yekha. Ife tinakhala pansi pa lole.

Ndinayesanso kuimitsa magalimoto. Odzaza sanaime. Opanda katundu amathamangira fodya. Mmodzi anatchula mtengo woti ndikanagulitsa ng'ombe. Foni inatsala pang'ono kuzima, ndinakaisiya kometera tsitsi kuti ilowe moto, ndipo ndinakhala pakhomo pomwepo kuopa kuti iitana ndili kutali.

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ya zomangira. Mwini wake, bambo wamtali wovala magalasi, anaoloka n'kukwera palole. Anagogoda chitseko changa ndi kiyi. Anayang'ana mahinjesi, anapapasa powotcherera. Anafunsa amene anapanga. Layisoni anali atamuuza kale nkhani yonse, Layisoni sasunga kanthu. Bamboyo anati akufuna chitseko chotero cha chipinda chosungiramo simenti. Anati tisinthane. Andipatsa chimodzi mwa zake, chachitsulonso, chopepuka. Achimangirira yekha paminibasi, ndipo ulendo wonse mpaka ku Dedza alipira ndi iye.

Ndinapita kukachiona. Munthu mmodzi akanachinyamula pamutu. Chitsulo chimodzi chopyapyala, penti wongopaka pamwamba, ndipo m'munsi dzimbiri inali itayamba kale kutukumula pentiyo, chili m'sitolo. Mahinjesi awiri ang'onoang'ono. Pansi mpata wolowa chala. Kwathu chimenecho mvula ziwiri sichingamalize. Ndinachigogoda. Chitini.

Nankhoma anali atanditsatira.

"Tengani, bambo. Chimatsekeka, eti? Amayi anu akufuna chotseka lero."

"N'chopyapyala."

"Mphasa ndiye yokhuthala?"

Ndinabwerera kwa Layisoni. Ndinamufunsa, maso ndi maso, ngati tinyamukedi lero. Analumbira. Anati fyuluta ikangofika ndi ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo andiperekeza yekha mpaka pamene pamaima malole a kachewere ochokera ku Dedza. Dzuwa linali lisanapendeke. Ndinaganiza za chifuwa cha chaka chatha, ndi cha chaka chamawa. Ndinaganiza zoti ndifike kwathu ndi chitini, khoma litagumulidwa kale chifukwa cha ine. Ndinauza wasitolo kuti ayi. Sanakwiye. Anati ndikasintha maganizo ali pompo mpaka madzulo.

Nkhuku za Nankhoma zinayamba kuyasamula ndi ludzu. Anazimwetsa madzi a m'botolo, kenako anaimitsa minibasi. Akukwera ananditembenukira.

"Mutu wanu ndi wa amayi anu omwewo. Muyende bwino."

Mthunzi wa lole unasuntha, ife tinasuntha nawo. Minibasi iliyonse yochokera m'tauni ndimaimirira kuyang'ana otsika. Makaniko munalibe. Layisoni anamuimbira, anati ali m'njira. Anamuimbiranso, foni sinayankhidwe. Layisoni anasiya kuseka. Anagula nzimbe, anandigawira, ndinakana.

Foni yanga inaitana dzuwa litapendeka. Esinati anati mphepo inang'amba mphasa kusanache, matumba anauluka. Amayi anasonkha moto m'nyumba, utsi unawatsamwitsa, anazimitsa. M'mawa phala sanamalize. Akupuma mofulumira, akuti m'nthiti mukubaya. Akhala pamkeka moyang'ana pakhomo, atafunda zonse zimene ali nazo. Womanga wadikiranso lero mpaka masana, wanyamula zida zake, wapita.

"Achimwene, musandiuzenso za m'njira. Muli pati?"

"Pa Mpingu."

"Mpingu wake uti?"

"Wa ku Lilongwe."

 Ndinamva mphepo yokha. Ndinati awatengere kuchipatala. Anati wanena kale, amayi akuti sachoka mpaka aone chitseko chaikidwa, nyumba yatsekedwa. Ndinati awanyamule mokakamiza. Anafunsa kuti awanyamule ndi yani, poti mwamuna amene alipo ndi amene saloledwa ngakhale kuwagwira dzanja.

Nditadula foni ndinayang'ana kutsidya. Wasitolo anali akulowetsa katundu wake. Ndinaoloka. Ndinati ndavomera. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti nthawi yatha. Ngakhale atandikweza pompo, ndikafika m'tauni minibasi za ku Dedza zitatha, ndipo kuchokera pa Bembeke kukwera phiri ndi chitseko mumdima palibe angandithandize. Ndigona panjira basi, kaya ndi chake kaya ndi changa. Ananena zoona. Ndinaolokanso.

Makaniko anafika mithunzi itatalika, akununkha mowa. Fyuluta inali yosiyana pang'ono ndi yakale. Anaikulunga ndi mphira, anaimenya ndi sipanala, inalowa. Dizilo wabwino anabwera naye m'chigubu chimodzi. Tinakankha, anthu a pa Mpingu anatithandiza, lole inadzuka. Layisoni sanatchulenso za nyali yakufa. Tinadutsa Chitedze kukuchita chisisira, tinalowa m'tauni magetsi atayaka.

Layisoni anasunga mawu ake. Ananditula pamsika pamene amatsitsira kachewere. Ananyamula nawo kona imodzi, anandigwira paphewa, anati pepani madala. Malole a ku Dedza analipo, koma onse obwerera m'mawa. Ndinatsamiritsa chitseko pakhoma, ndinakhala mochitsamira mpaka kunayera. Foni sinaitane.

Lachinayi zinthu zinayenda msanga, ngati zikundiseka. Lole yoyamba yomwe ndinafunsa inali ya ku Bembeke, yopanda katundu. Dalaivala sanafunse zambiri. Nathenje, Chimbiya, sitinaime. Tisanafike pa Dedza nkhungu inatilandira. Ndinali kumbuyo ndekha, nditagwira chitseko kuti chisagunde. Madzi amayenderera pa penti osalowa paliponse. Zala zanga zinauma. Foni ndinaiika m'thumba la malaya kuti ndiimve. Inali chete.

Ananditsitsa pamphambano ya kwathu. Kuchokera apo galimoto siikwera, matope ndi miyala. Ndinapeza amuna atatu akudikira ganyu yokweza kachewere. Mmodzi anandizindikira, anatchula dzina langa laubwana. Ndinamufunsa za kumudzi, anati iye wachokera tsidya lina, sanamve kanthu. Tinanyamula chitseko pamapewa, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Chitsulo chimaterera ndi chiperoni. Tinapuma kangapo. Wina anati zikanakhala zonse zolemera chonchi, akuba akanasiya ntchito. Anzake anaseka pang'ono. Ine ndimayang'ana kutsogolo.

Nyumba ya amayi inaonekera tili pafupi kale, chifukwa cha nkhungu. Khomo linali lokanuka, m'mbali mwake mogumukagumuka. Chidutswa cha mphasa chimalendewera pamsomali. Padenga sipamatuluka utsi. Ndinasiya kona yanga, chipewa chinagwa, ine n'kulowa. Pansi panali ponyowa mpaka pakati pa nyumba. Mkeka unalipo, bulangete panalibe. Nkhuku zinali pathumba la chimanga, zikujompha.

Nditatuluka ndinapeza a Fanuwelo akubwera kuchokera kumunsi. Analibe nsapato, matope mpaka m'maondo. Ndi munthu wamng'ono thupi, wosayankhulayankhula ngati ine. Anavula chipewa.

Anati kutacha Esinati anapita ndi madzi otentha n'kupeza amayi sakudzuka. Thupi linali moto, kupuma kumalira ngati mluzu. Amuna a m'mudzi anali atapita kale kumadimba. Ngolo ikanachedwa. Ndiye anawabereka kumsana, iwo a Fanuwelo, Esinati akuwachirikiza kumbuyo, kutsika phiri lonse mpaka kuchipatala chaching'ono cha kumunsi. Awagoneka. Akuti ndi chibayo, mbali zonse ziwiri. Akudikira ambulansi yopita ku boma. Esinati ali nawo, foni yake inazima. Iwo abwerera kudzatenga mbale ndi zovala.

"Kumsana kwanu?"

"Kwanga, alamu."

"Sanakane?"

A Fanuwelo anapinda chipewa m'manja.

"Sanadziwe n'komwe kuti ndine."

Amuna aja anali akadali chinyamulire, atatu okha tsopano. Mmodzi anafunsa kuti atule pati. Alamu anawalozera khoma. Anachitsamiritsa pambali pa khomo, chobiriwira, chosakandika paliponse. A Fanuwelo anachipapasa, anati n'chabwino, chotere sanachionepo kuno. Anafunsa ngati akafune womanga wina kutsidya, kapena tiyambe tadikira.

Ndinatenga chipewa changa pamene chinagwera. Njira yotsikira kuchipatala imadzera kuseri kwa khola. Alamu anandiitana kawiri. Ndinalowa m'nkhungu.